Foni ya tachi ndili nayo, kodi ndakonzeka kuphunzira pa intaneti?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 22, ndikuphunzira uphunzitsi wa ku pulayimale pa koleji ina ya boma. Teremu ikubwerayi tikupita ku TP (kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu za pulayimale), ndipo atiuza kuti maphunziro ena ndi maasayimenti tizikalandira ndi kutumiza pa intaneti. Foni ya tachi ndili nayo, WhatsApp ndi Facebook ndimazidziwa bwino. Anzanga ena akuti zimenezi nzokwanira, ena akuti tikavutika. Kodi munthu amadziwa bwanji kuti wakonzeka?

Yankho: Madamu, ndikuitanani choncho chifukwa posachedwapa ana a kusukulu komwe mukupitako azikuitanani dzina lomweli. Mwachita bwino kufunsa musananyamuke, pakuti ambiri funso limeneli limawafikira ali kale kumudzi, asayimenti itatsala ndi tsiku limodzi.

Anzanu amene akuti WhatsApp ndi Facebook nzokwanira akulakwitsa. Amene akuti mukavutika akunena zoona, koma sananene kuti mavuto ambiriwo munthu angathe kuwatchinga akadali pa koleji. Musadziyeze muli pomwe mulipo pano, pamene pali magetsi, pali laibulale, ndipo mnzanu wodziwa za kompyuta amagona bedi loyandikana ndi lanu. Dziyezeni poganizira za Lachitatu lina madzulo ku sukulu ya TP. Mwaima tsiku lonse pamaso pa ana oposa 90, mawu asasa, makope osachonga aunjikana pa mphasa, lesoni pulani ya mawa simunalembe, batire ya foni yatsala pang'ono, netiweki imagwira mukakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo asayimenti ikufunika Lachisanu. Ngati pa tsiku lotere mungathe kuwerenga, kulemba ndi kutumiza ntchito yanu, ndiye kuti mwakonzeka.

Ndaphunzitsa aphunzitsi kwa zaka zambiri, ndipo ndinalipo pamene sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mpaka zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala chaka chomwecho. Ife alekichala tinathamangira kutsegula magulu a WhatsApp, poti panalibe chinanso chogwira. Chimene ndinaona pa miyezi imeneyo chinandisintha maganizo. Ophunzira amene ndinkawaona ngati akatswiri a foni, oyamba kutumiza zithunzi ndi timavidiyo toseketsa, ambiri a iwo ndi amene anasowa pa nthawi yotumiza ntchito. Panali mnyamata wina wofatsa, foni yake yong'ambika galasi, yomangidwa ndi labala kuti batire isagwe. Iyeyo Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita pa tredingi senta, n'kuika foni pa chaji kwa ometa tsitsi, n'kutsitsa zonse zomwe ndatumiza sabata imeneyo. Akafika kwawo ankakopera mfundo zake m'kope, n'kuyankha pa pepala ndi bolopeni, Loweruka linalo n'kujambula mapepalawo n'kunditumizira. Sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Foni yake inali yoipa kuposa ya aliyense m'kalasimo, koma anali ndi tsiku loikika, malo odziwika, ndi kope.

Kuphunzitsa aphunzitsi ali kutali si zachilendo kuno kwathu, ndipo mbiri yake ikuthandizani kumvetsa chomwe ndikunena. Pamene boma linathetsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira ku sukulu, chiwerengero chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Analembedwa ntchito aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira uphunzitsi, ndipo kuyambira 1997 anthu amenewa anaphunzitsidwa kudzera mu ndondomeko ya MIITEP: miyezi yochepa pa koleji, nthawi yaitali ali ku sukulu zawo ndi mabuku odziwerengera okha. Mu 2010 kunabweranso ODL, yophunzitsa aphunzitsi a sukulu za kumidzi ali kwawo komweko, ndipo Domasi College of Education yakhala ikupereka madipuloma kwa aphunzitsi ophunzira ali pa ntchito. Ahedi ndi aphunzitsi ambiri amene mukawapeze ku TP anadutsa m'njira zimenezi, ndipo mukawafunse. Akakuuzani kuti zinkayenda pamene mabuku afika pa nthawi yake, woyendera akubweradi kudzakuonani mukuphunzitsa, ndipo inu eni muli ndi khalidwe lowerenga popanda wokuimirirani. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, munthu ankangotsala ndi dzina loti ali pa maphunziro. Intaneti yangolowa m'malo mwa galimoto yomwe inkabweretsa mabuku ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a m'zoni. Zina zonsezo zikadali momwemo.

Tsopano za luso la foni. Kucheza pa WhatsApp ndi kuphunzira pa foni zimasiyana monga kusiyana kwa kukwera njinga ndi kuikonza. Ndikupatsani mayeso oti mudziyese nokha sabata ino, popanda wokuthandizani. Lembani ndime ziwiri pa foni mu pulogalamu yolembera, monga Google Docs kapena WPS Office. Isungeni ngati PDF, muipatse dzina lomveka lokhala ndi dzina lanu, nambala yanu ya pa koleji ndi phunziro lake. Mudzitumizire nokha pa imelo. Mawa lake, intaneti mutazimitsa, muipeze fayiloyo m'foni mwanu. Kenaka tengani masamba atatu olemba pamanja, muwajambule poyera bwino, muwaphatikize akhale fayilo imodzi yowerengeka. Pomaliza tulukani mu akaunti yanu ya imelo ndi ya tsamba la koleji, ngati koleji yanu ili ndi Moodle (tsamba lophunzirira pa intaneti) kapena china chotere, n'kulowanso ndi pasiwedi yanu. Pomwe mukakamire ndi pomwe pali ntchito yoti muigwire musanachoke.

Pa pasiwedi ndiimepo pang'ono, chifukwa pagwa anthu ambiri kuposa pena paliponse. Ophunzira ochuluka imelo yawo anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mchimwene wawo tsiku logula, ndipo pasiwedi sakuidziwa. Foni ikabedwa mu minibasi kapena ikagwera m'ndowa, zonse zapita, kuphatikizapo njira yolowera pa tsamba la koleji. Ndalandirapo maasayimenti ochokera ku imelo ya chibwenzi cha wophunzira, ya m'busa, ya mlamu. Tsegulani imelo yanuyanu ya dzina lanu lenileni, muilumikize ndi nambala ya foni yomwe inalembetsedwa m'dzina lanu, ndipo pasiwedi muilembe pa pepala lomwe mumasunga pamodzi ndi satifiketi yanu ya MSCE.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambi umenewu muutenge ngati lamulo la TP. Chilichonse chomwe chili pa intaneti koma simunachitsitse m'foni mwanu, chimenecho si chanu. Ma modyulo onse, mabuku a aphunzitsi a kalasi yomwe mukaphunzitse, silabasi, mafomu a lesoni pulani ndi masikimu, zonsezi muzitsitse muli pa koleji, muziike pa memori khadi, ndipo mnzanu amene mukupita naye sukulu imodzi akhalenso nazo m'foni mwake. Kupatsana kudzera pa Bluetooth kapena Xender sikudya bandulo. Ngati koleji yanu imagwiritsa ntchito Moodle, dziwani kuti pulogalamu yake ya pa foni imalola kutsitsa phunziro lonse n'kumaliwerenga intaneti palibe. Ambiri sadziwa zimenezi, amangotsegula tsamba lomwelo tsiku ndi tsiku, bandulo n'kumatha.

Nkhani ya ndalama simungaithawe. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama ka wophunzira kakutha msanga, ndipo ku TP kandalama komweko kakufunika pa ufa, ndiwo, sopo, makala ndi mapepala opangira matchati. Choncho dziwani chomwe chimadya bandulo. Fayilo ya PDF ya malemba okhaokha, ngakhale ya masamba makumi angapo, nthawi zambiri siipitirira ma megabayiti awiri kapena atatu. Uthenga wa mawu wa mphindi zisanu pa WhatsApp sufika ngakhale megabayiti imodzi. Koma ola limodzi la Zoom makamera ali oyatsa lingathe kudya theka la gigabayiti kapena kuposerapo. Ndiye kuti ola limodzi loonerana nkhope lingathe kumeza bandulo yomwe ikanakukwanirani kutsitsa zowerenga za teremu yonse. Lowani m'masetingi a WhatsApp muletse kuti zithunzi ndi mavidiyo zisamadzitsitse zokha, muletsenso mapulogalamu kudzikonza okha pa bandulo yanu. Ndipo musananyamuke, funsani ahedi a sukuluyo kapena amene anachitako TP chaka chatha kuti kumeneko imagwira bwino ndi TNM kapena Airtel. Pali madera kumene ina imagwira m'nyumba momwe, inayo mpaka mukwere phiri. Simu khadi yachiwiri ndi yotsika mtengo kuposa ulendo wa kabaza wokasaka netiweki.

Za magetsi sindichulutsa, mukuzidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 11 zokha ndi zomwe zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi n'zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ngakhale komwe mawaya a ESCOM anafika, tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ngati mungathe kugula chinthu chimodzi chokha pokonzekera TP, gulani nyale ya sola yokhala ndi potchajira foni. Imakupatsani kuwala kolembera lesoni pulani usiku ndi moto wa foni nthawi imodzi. Mungathe kusonkherana awiri kapena atatu okhala nyumba imodzi.

Komabe zonse ndanenazi nzopepuka poyerekeza ndi iyi: kuwerenga nokha. Ambirife tinakulira m'sukulu momwe mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, ife n'kukopera, n'kuloweza, n'kukalemba mayeso. Ku koleji belu limakudzutsani, taimutebo imakuuzani kolowera, lekichala amaona ngati mpando wanu uli wopanda munthu. Ku TP zonsezo kulibe. Palibe adzakufunseni ngati mwawerenga yuniti 4, ndipo ntchito ya m'kalasi, poti ndi yomwe ili pamaso, idzadya nthawi yonse mukailola. Apa ndi pamene ndimaonera kusiyana kwa ophunzira anga. Wokonzeka amakhala ndi maola ake oikika, kaya ndi m'mamawa tambala atangolira, kaya ndi masana ana akaweruka asanapite kunyumba, ndipo maola amenewo sawagulitsa. Amawerenga ali ndi kope pambali, chifukwa zowerenga pa kagalasi ka foni zimatuluka m'mutu msanga ngati dzanja silinalembe kanthu. Ndipo amazimitsa intaneti powerenga. Foni yomwe muli modyulo yanu ndi yomweyo muli gulu la anzanu a ku sekondale, gulu la kwaya, ndi uthenga wa uja amakufunsani ngati mwadya. Munthu sangapambane mpikisano umenewo ndi mtima wokha, zimafunika kuzimitsa basi.

Yesani izi masabata otsalawa: sankhani yuniti imodzi yomwe simunaphunzitsidwe m'kalasi, muiwerenge nokha masiku atatu, kenaka mukamufotokozere mnzanu modyulo mutatseka. Mukatha kumufotokozera mpaka iye n'kumva, ndiye kuti mbali yovutayo muli nayo. Mukalephera musadandaule, mwadziwa nthawi ikadalipo.

Pali yesero lina lomwe anzanu a MIITEP analibe. Asayimenti ikakhala yotumiza pa foni, kukopa kumakhala kosavuta: mmodzi alemba, fayilo iyenda gulu lonse, aliyense angosintha dzina. Masiku ano kwabweranso ChatGPT ndi zinzake, zomwe zimakulemberani lesoni pulani pa mphindi imodzi. Sindikuuzani kuti musazikhudze, pakuti zingakuthandizeni kumva mawu ovuta a Chingerezi kapena kukupatsani poyambira. Koma ndaonapo lesoni pulani ya Sitandade 2 yonena kuti mwana aliyense apatsidwe lumo, mapepala amitundumitundu ndi guluu, ndipo ana akhale m'magulu a anayianayi mozungulira matebulo. Wophunzira amene anaibweretsayo anali ndi ana oposa 100 okhala pansi, theka la iwo pansi pa mtengo wa mango. Nditamufunsa kuti malumowo achokera kuti, anangoyang'ana pansi. Zinandipweteka, chifukwa mtsikanayo anali wanzeru, ndipo akanakhala pansi yekha akanalemba zabwino kuposa zimenezo. Ku koleji mwaphunzira TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo: zitsekerero za mabotolo, timitengo, njere za bwemba, makatoni, dongo. Makina sadziwa kuti kuseri kwa kalasi yanu kuli chiyani, ndiponso sadziwa kuti ana anu kunyumba amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilhomwe. Ndipo tsiku lomwe lekichala adzabwere kudzakuonani mukuphunzitsa, kapena pa mayeso a MANEB, mudzakhala nokha ndi zomwe zili m'mutu mwanu.

Tsono ndinene mbali yomwe ife ophunzitsa aphunzitsi sitikonda kuinena. Kukonzeka si katundu wa wophunzira yekha. Kawirikawiri tikamati ophunzira sanakonzeke, amene sanakonzeke ndife. Lekichala amene amajambula masamba 40 a buku mopendekeka n'kuwaponya pa gulu usiku, kapena kuitanitsa kalasi ya Zoom nthawi ya 10 koloko m'mawa pamene ophunzira ake onse ali m'makalasi akuphunzitsa, ameneyo sakuphunzitsa pa intaneti, akungotula mtolo. Inu muli ndi ufulu wofunsa, mwaulemu koma mosaopa, ndipo ndi bwino mufunse ngati kalasi kudzera mwa oimira ophunzira. Funsani kuti zowerenga zonse muzilandire musanachoke. Funsani masiku otumizira maasayimenti a teremu yonse, kuti mudziwiretu masabata ofunika bandulo. Funsani ngati ntchito yolemba pamanja n'kujambula ikuloledwa, popeza kutayipa masamba asanu ndi zala ziwiri pa foni ndi chilango chosaphunzitsa kanthu. Funsani chomwe chidzachitike netiweki ikasowa sabata yathunthu nthawi ya mvula, ndi amene mudzamuimbire mukalephera kulowa pa tsamba. Funsaninso kuti ntchito yanu idzachongedwa pakapita masiku angati, chifukwa palibe chofooketsa wophunzira wa kutali kuposa kutumiza ntchito n'kungoti zii, osamva kanthu. Safunsa anadya phula. Koleji yomwe yakonzekadi mafunso amenewa idzawayankha mosavuta.

Musaiwale anthu amene mukawapeze. Dongosolo la masiku ano lophunzitsira aphunzitsi a pulayimale, lotchedwa IPTE, limakuikani materemu awiri pa koleji, awiri ku sukulu, n'kubwereranso awiri pa koleji, ndipo cholinga cha materemu apakatiwo n'choti muphunzire kwa menta wanu (mphunzitsi wa pasukulupo wokutsogolerani) ndi kwa ana, osati kwa foni. Zomwe mwawerenga usiku, mawa mukaziyese m'kalasi, madzulo mukambirane ndi menta kuti zinayenda bwanji. Pamenepo ndi pomwe zowerenga zimasanduka uphunzitsi. Anzanu a sukulu imodzi kapena zoyandikana muzikumana tsiku limodzi pa sabata, mafoni pansi, modyulo pakati. Mukhozanso kugawana: sabata ino wina ndiye agula bandulo n'kutsitsira onse, sabata yamawa wina. Funsaninso a PEA, mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, ngati TDC ya zoni yanu ili ndi magetsi kapena sola, chifukwa ena amalola ophunzira uphunzitsi kukatchaja ndi kuwerengera komweko.

Poti ndinu mtsikana, ndiwonjezere mawu awiri monga kholo. Musayende nokha usiku kukasaka netiweki, asayimenti iliyonse ingathe kudikira kuti kuche. Ndipo wina aliyense, kaya ndi mnzanu, mphunzitsi wa pasukulupo kapena lekichala, akayamba kukutumizirani mauthenga a usiku osakhudza maphunziro, kapena kukulonjezani bandulo ndi malikisi, musafufute mauthengawo. Asungeni, ndipo mukauze ahedi kapena mayi amene amayang'anira atsikana pa koleji panu. Nambala yanu ikalowa m'magulu ambiri imafika kwa anthu ambiri.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani tikuvutikira zonsezi, pamene choko ndi bolodi zilipo. Chifukwa chimodzi mukachiona ndi maso anu. Kuyambira 2023 boma layamba kufalitsa ndondomeko ya BEFIT, yomwe ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola, ndipo cholinga n'choti ifike m'sukulu zonse za pulayimale za boma. N'kutheka kuti sukulu yanu ya TP ili kale m'gulu limeneli. Mphunzitsi amene anaphunzirapo yekha kudzera pa kagalasi, amene akudziwa momwe maganizo amathawira, momwe munthu amangodinira kutsogolo osamva kanthu, ndi amene amazindikira msanga mwana amene akungogwiragwira tabuleti osaphunzira. Komanso maphunziro ambiri owonjezera mukadzayamba ntchito, kuphatikizapo dipuloma kapena digiri yophunzira muli pa ntchito monga za ku Domasi kapena Mzuzu University, adzafuna luso lomweli.

Ndiye masiku otsalawa muwagwiritse ntchito motere. Mayeso aja a PDF, imelo ndi pasiwedi muwachite mawa, osati sabata yonyamuka pamene aliyense adzakhale akulimbirana soketi imodzi ya mu hositelo. Zomwe zakukanikani mukafunse kwa lekichala wa za makompyuta mudakali naye pafupi, ndipo mumupemphe kuti akuonetseni inu mukudina nokha, iye manja ali kumbuyo. Imbirani ahedi a sukulu yanu mufunse za netiweki, za magetsi ndi za malo otchajira. Tsiku lomaliza, musanakwere galimoto, ikani foni pa fulaiti modi, mutsegule ma modyulo anu limodzilimodzi. Lomwe lakana kutseguka, bwererani mukalitsitsenso.